Mwendo wotupa wa mwana si wotemera mphini

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo ndinali kuchipatala kukazonda mwana wa achemwali anga, wazaka 9. Masabata atatu apitawo ankapirikitsa mbuzi kudimba. Lero ali gone, mafinya akuchucha pakabowo m'munsi mwa bondo, mayi ake ntchito n'kuingitsa ntchentche ndi chitenje.

Zinayamba ndi kutentha thupi, kenaka mwana kukana kuponda pansi. Ukangomukhudza pamsongolo, kukuwa kwake mpaka anansi kutuluka m'nyumba. Alamu anga akuti ndi malungo, anagula panado paokala. Zitakanika, agogo akuti waponda ameneyu, wina anatchera panjira ya kudimba. Basi ulendo wa kwa asing'anga, mwendo wotupa kale uja n'kukautema mphini ndi lezala, n'kupakapo zakudazakuda. Ine ndinanena, "Alamu, tiyeni naye kuchipatala mwanayu." Yankho lake? "Inu a sukulu mumadziwa zonse." Chabwino. Mtsinje wa tinkanena udathera mu siizi.

Mwana akatentha thupi n'kukana kuponda, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Osati mawa, osati tikagulitsa thonje, osati tione kaye mmene agonere. Tsiku lomwelo! Madokotala amawatcha osteomyelitis matendawa. Ndi tizilombo, kawirikawiri ka Staphylococcus aureus, timayenda m'magazi kuchokera pachithupsa kapena pakabala n'kukakhazikika m'fupa, makamaka pafupi ndi bondo mwa ana amene akukula. Mafinya akadzaza m'kati mwa fupa alibe kothawira. Amatsekereza magazi, mbali ina ya fupa imafa, ndipo fupa lakufa silimva jakisoni, mpaka alichotse ndi opaleshoni. Mphini yanuyo imathera pakhungu, matenda ali m'mafuta a m'fupa. Mukutema chiyani?

Mukafulumira, ndi jakisoni wa m'mitsempha masiku angapo, kenaka mapiritsi, zonse pamodzi masabata 4 mpaka 6, mwana n'kubwerera ku mpira wake. Ndipo musamabwere kumudzi n'kumati ajambula koma sanapeze kanthu, ndiye kuti ndi zaufiti. Masiku 10 mpaka 14 oyamba X-ray imatha kuonetsa fupa labwinobwino pamene m'katimo zinthu zikuwola. Mverani adokotala, osati chithunzi.

Tsopano mwana wa achemwali uja akukamba zomutumiza kuchipatala cha Queens ku Blantyre kuti akamupale fupa. Anthu amene ankaopa ndalama ya kabaza lero akwera phiri la Thabwa, akagone pansi miyezi, dimba lili lokha. Ndikudziwa, mtunda ulipo, ena a ku East Bank mpaka bwato pa Shire. Koma tambala ndi ndalama munakasiya kwa asing'anga zija zinali zochepa? Sizikanakwana njinga yopita kuchipatala kawiri konse?

Mwana amene sakuponda si waulesi, si wolodzedwa, si wongofuna kujomba kusukulu. Fupa lake likupsa. Munyamuleni, mutengeni, pitani naye.

Ndipo inu mumagulitsa makapusozi m'misika yathuyi, mutawayala padzuwa la kuno ku Chikwawa ndi Nsanje pambali pa usipa, mumawerengera munthu anayi okha ngati maswiti. Alamu anga anagulanso amenewo, ofiira ndi akuda, thupi la mwana linazizira masiku awiri, onse n'kumati wachira. Satifiketi ya udokotala munaitenga kuti inuyo?