Mod ikakana kudawuniloda, musathamangire kufufuta gemu

Anthu ambiri mod (fayilo yowonjezera kapena kusintha zinthu mu gemu) ikangokana kutsika, amafufuta gemu yonse n'kuiikanso. Kwa ine kumeneko n'kutaya nthawi ndi data pachabe, chifukwa kawirikawiri gemuyo imakhala yosalakwa. Pezani kaye pamene mod yakakamira: pa intaneti, pa disiki, kapena yatsika kale koma gemu sikuiwerenga.

Ndiyambe ndi Steam Workshop, malo a ma mod mu pulogalamu ya magemu ya Steam, poti madandaulo ambiri amachokera kumeneko. Mwadina Subscribe koma palibe chikuoneka. Mu foda ya Steam tsegulani foda ya steamapps, mulowe mu workshop, kenako content. M'menemo mupeza mafoda a manambala, gemu iliyonse ili ndi nambala yake: Euro Truck Simulator 2 ndi 227300, Cities: Skylines ndi 255710. Mod ikakhala kuti ilimo, ndiye kuti inatsika kalekale, changotsala n'kuiyatsa mkati mwa gemu. Ngati mulibe, tsekani Steam kwathunthu podina Exit. Kungodina X sikokwanira, imakhala ikugwirabe ntchito kuseri. Kenako fufutani zonse za mu workshop\downloads, muchotsenso fayilo ya appworkshop_227300.acf, kapena ya nambala ya gemu yanu. Fayilo imeneyi ndi kaundula amene Steam imalembamo zimene yatsitsa, ndipo ikawonongeka Steam imaganiza kuti mod ilipo pamene mulibe. Mukatsegulanso Steam imalemba kaundula watsopano, koma dziwani kuti ikhoza kutsitsanso ma mod onse a gemuyo. Zikakanikabe, pitani ku Settings, Downloads, mudine Clear Download Cache. Mukhale ndi password pafupi chifukwa idzafunika.

Ku Nexus Mods, webusayiti ya ma mod, nkhani yake ndi ina. Batani la Mod Manager Download limatumiza linki yoyamba ndi nxm:// ku pulogalamu imodzi yokha. Ngati munaika Vortex komanso Mod Organizer 2, mapulogalamu oikira ma mod, linkiyo ikhoza kumapita ku imene simukuigwiritsa ntchito. Mu Settings ya Vortex yatsani batani lolandira malinki a nxm://, ndipo browser ikafunsa chilolezo chotsegula pulogalamu, vomerani. Zikavutabe, Manual Download imagwira ntchito bwinobwino, fayiloyo mungoikokera mu Vortex.

Disiki ndi imene anthu amaiiwala kwambiri. Mod imabwera yopanikizidwa mu .zip, .rar kapena .7z, ndiye pamafunika malo a fayiloyo komanso a zimene zituluke mukaimasula ndi 7-Zip. Disiki yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 siilola fayilo imodzi yopitirira 4 GB, moti dawunilodi imafera panjira ngakhale malo alipo ambiri. Windows nayo imavutika dzina la fayilo pamodzi ndi mafoda ake likapitirira zilembo 260. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuika magemu mu foda yaifupi ngati C:\Games m'malo mwa Program Files, kumenenso Windows imaletsa mapulogalamu kulemba mwaufulu.

Langizo limene limandinyansa ndi lakuti zimitsani antivayirasi. Ayi ndithu. N'zoona kuti Windows Security nthawi zina imalanda mafayilo a .dll a ma mod abwinobwino, koma mankhwala ake ndi kutsegula Protection history, kuona dzina la fayilo imene yagwidwa, ndipo ngati mukuikhulupirira, muike foda ya ma mod yokhayo pa Exclusions. Mod ya Euro Truck Simulator 2 imakhala .scs kapena .zip. Webusayiti ikakupatsani .exe m'malo mwake, musaitsegule, fufutani.

Musanayese zonsezi, tsegulani workshop_log.txt ndi content_log.txt mu foda ya logs ya Steam, muwerenge mizere yomaliza. Nthawi zambiri imanena poyera ngati vuto ndi kulemba pa disiki kapena kulumikizana. Muonenso tsamba la mod: mwini wake akaibisa kapena kuichotsa, palibe chimene mungakonze pa kompyuta yanu kuti itsike.