Mafuwa Atatu ndi Bambo Euclid

(Ku Mpondasi, Mangochi. Dzuwa likuswa mtengo. Anganga ateleka mphika wa utaka pakhonde. Mdzukulu wawo wa Fomu 2 wakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope lake. Amalume ake, omwe amapalasa kabaza, agona pamkeka, ati akudikira kuti kunja kuzizire kaye.)

ANGANGA: Iwe, chiyambire m'mawa ukungobwebweta wekha ngati wa malungo. Kwagwanji?

MDZUKULU: Ndikuloweza ma postulate, Anganga. Mawa tikulemba masamu.

ANGANGA: Positi? Anthu ayambiranso kulemberana makalata?

MDZUKULU: Ayi, postulate. Ndi mfundo imene munthu umangoivomereza popanda umboni, kenako zina zonse umamanga pamwamba pake.

AMALUME: (osatsegula maso) Popanda umboni? Kwathu kuno timati miseche.

MDZUKULU: Si miseche, Amalume. Anayambitsa ndi Euclid, Mgiriki amene ankaphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Egypt, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Anayala mfundo zisanu zokha, n'kulembapo mabuku 13.

ANGANGA: Mabuku 13! Analibe munda bambo ameneyo?

MDZUKULU: Mvetserani kaye. Timayambira pa point, kadontho. Kalibe utali, kalibe m'lifupi, kalibe kunenepa. Kali ndi malo basi.

ANGANGA: Kalibe chilichonse, koma malo kali nawo?

MDZUKULU: Eya.

ANGANGA: (akuyang'ana pamkeka) Ameneyo ndikumudziwa. Ndinabereka ndekha.

AMALUME: Amayi, ine ndangogona, sindinaputepo munthu.

MDZUKULU: Mfundo yoyamba: mukakhala ndi timadontho tiwiri, mzere wowongoka wodutsa pa tonse tiwirito ndi umodzi wokha.

AMALUME: (akudzuka) Apo ndiye wanama. Ine ndi wa pamsewu. Kuchokera pano kukafika kumsika ndili ndi njira zinayi.

MDZUKULU: Koma yowongoka ndi imodzi.

AMALUME: Yowongokayo sindidutsamo.

MDZUKULU: Chifukwa?

ANGANGA: Imadutsa pagolosale pamene anakongola matayala awiri a njinga. Mwezi wachinayi uno.

AMALUME: Zimenezo si za mayeso. Iwe ndiyankhe: Euclid wakoyo anakwerapo msewu wa ku Namwera? M'mapiri muja anaonamo chowongoka?

MDZUKULU: Msewu kukhota si vuto la masamu, Amalume. Mzerewo ulipo ndithu, kungoti ukuboola phiri.

AMALUME: Ndiye akwere yekha.

ANGANGA: Koma mwanayu akunena zoona. Malemu agogo ako aamuna akamamanga nyumba ankakhoma zikhomo ziwiri, n'kukoka chingwe kuti neng'aa. Khoma linkatsata chingwecho. Ku Egypt sanapondeko, Zomba yomweyi anangopitako kamodzi kukaona mlandu.

MDZUKULU: Ndi zomwezo! Mfundo yachiwiri ikuti mzere wowongoka mungathe kuutalikitsa mbali zonse ziwiri, sutha.

AMALUME: Ukafika panyanja?

MDZUKULU: Umapitirira.

AMALUME: Ku Makanjira?

MDZUKULU: Umapitirirabe, mpaka kulowa mu Mozambique.

AMALUME: Wopanda pasipoti. Auona.

ANGANGA: Mzere wosatha ine ndinaimapo, pogula feteleza. Ndinafika mbandakucha, ndinabwerako nkhuku zitalowa, kutsogolo kwake sindinakuone.

MDZUKULU: Umenewo ndi mzere wina, Anganga. Tiyeni tipite pa plane.

AMALUME: Ehee, ndege! Tsopano sukulu yayamba kukoma. Ikunyamukira ku Chileka kapena ku Lilongwe?

MDZUKULU: Si ndege. Plane ndi malo athyathyathya, osalala, opanda malire. Taganizani nyanja m'mamawa mwera usanayambe, madzi ali zii. Koma yopanda gombe, ndiponso yopanda kuya.

AMALUME: Nyanja yopanda kuya mulibe chambo. Ndi ya ntchito yanji?

MDZUKULU: Buku lathu likuti timadontho titatu, tikakhala kuti sitili pamzere umodzi, timapereka plane imodzi yokha.

AMALUME: Mapointi atatu ndiye kuti timu yawina. Zimenezo ndikuzidziwa.

ANGANGA: Khala chete iwe. Mdzukulu wanga, bwereza. Titatu?

MDZUKULU: Titatu.

ANGANGA: Tosakhala pamzere umodzi?

MDZUKULU: Eya.

ANGANGA: Chinthu n'kukhazikika pamwamba pake osagwedera?

MDZUKULU: Ndendende.

ANGANGA: (akuloza pamoto ndi mthiko) Nanga awa ndi chiyani?

MDZUKULU: Mafuwa.

ANGANGA: Angati?

MDZUKULU: ...Atatu.

ANGANGA: Ndiye fizi yonse ija timagulitsira mbuzi n'kuti akakuuze za mafuwa? Ukanandifunsa ine, mbuzi ikanakhala ili m'khola.

MDZUKULU: Komatu Anganga, inu mumangoteleka. Ife timadziwa chifukwa chake. Mpando wa miyendo inayi umagwedera chifukwa itatu yagwirizana kale pa plane imodzi, wachinayiwo ukhoza kutsala m'mwamba. Wa miyendo itatu sugwedera, ngakhale pabwalo pali zitunda.

ANGANGA: N'chifukwa chake tebulo la m'nyumbamo tinaliika kachikatoni kunsi?

MDZUKULU: N'chifukwa chake.

AMALUME: Ine sindinakhutire. Bwanji akukaniza zokhala pamzere umodzi? Atatu ndi atatu basi. Kumeneko n'kukondera.

MDZUKULU: Chifukwa pamzere umodzi pamadutsa ma plane osawerengeka. Onani chitseko: mahinjesi ake ali pamzere umodzi, ndiye chimazungulira mmene chafunira. Imani ndikuonetseni.

(Anganga alowa m'nyumba kukatenga mchere. Mdzukulu aphula mphika, akankha mafuwa ndi chikuni mpaka onse atatu andandalikana, n'kutelekanso.)

MDZUKULU: Taonani tsopano, Amalume. Mphikawu sukudziwa plane yoti usankhe...

(Khuthu! Utaka wonse paphulusa.)

AMALUME: Wasankha.

ANGANGA: (akutuluka) Mayo ine ndiwo zanga! Wachita chiyani mwana iwe?

MDZUKULU: Ndimapereka umboni, Anganga.

ANGANGA: Si iwe unati zimenezi timangovomereza popanda umboni?

MDZUKULU: Amalume ndi amene anakana.

AMALUME: Panopa ndavomera ndi mtima wonse. Koma tidyera chiyani nsima?

ANGANGA: Mudyera Euclid.

(Atola utaka mmodzimmodzi, akuutsuka m'beseni. Kwa kanthawi palibe akuyankhula.)

MDZUKULU: (motsitsa mawu) Ma plane awiri akakumana, amakumana pamzere. Ngati makoma awiri pangodya ya nyumba. Mizere iwiri ikakumana, imakumana pa kadontho kamodzi...

ANGANGA: Usakhudze makoma anga.

MDZUKULU: Palinso mfundo ina ya Euclid, yachisanu, ya mizere ya parallel. Imeneyi ndi mizere iwiri ya pa plane imodzi imene imayenda moyandikana koma osakumana mpaka kalekale.

ANGANGA: Ngati amalume akowa ndi khasu.

AMALUME: Ayi, ngati ine ndi wagolosale uja. Iye njira yake, ine yanga. Mfundo imeneyi ndaikonda. Euclid anali munthu wanzeru, ndinangomuweruza msanga.

MDZUKULU: Komatu ndi imene inavuta kwambiri. Akatswiri anakhala zaka pafupifupi 2,000 akuyesa kuitsimikizira pogwiritsa ntchito zinayi zija, osatheka. Mapeto ake Lobachevsky wa ku Russia mu 1829, ndi Bolyai wa ku Hungary mu 1832, anaonetsa kuti ukhoza kuisintha n'kupeza masamu ena, olongosoka bwinobwino.

AMALUME: Anaisinthiranji? Inawalakwira chiyani?

MDZUKULU: Imagwira ntchito pathyathyathya pokha. Pa chinthu chobulungira zimasintha. Mwaiona mizere ija yochoka kumwera kupita kumpoto ya pampira wa dziko umene umakhala mu ofesi ya ahedi? Pa equator, pakati penipeni pa mpirawo, imaoneka ngati siidzakumana, koma yonse imakathera pamodzi ku North Pole.

AMALUME: Dikira. Dziko lino ndi lathyathyathya kapena lobulungira?

MDZUKULU: Lobulungira.

AMALUME: Mangochi yomwe?

MDZUKULU: Mangochi yomwe.

(Kumpanda kukumveka mawu.)

WAGOLOSALE: Odi kunoko! Akabaza alipo?

AMALUME: (akudzikulunga mumkeka) Muphwa wanga, ndine mlongo wa mayi ako. Kamuuze kuti ndapita ku Monkey Bay.

MDZUKULU: (akupita kumpanda) Takulandirani, bambo. Amalume apita ku Monkey Bay.

WAGOLOSALE: Ku Monkey Bay? Nanga njinga yatsamira mtengo wa mangoyo, ya matayala anga awiri, apita pa chiyani?

MDZUKULU: Imeneyo ndi postulate, bambo. Ingovomerezani.

WAGOLOSALE: Nanga mkekawo ukupumiranji?

AMALUME: (ali mumkeka) Ine ndine kadontho! Ndilibe utali, ndilibe m'lifupi, ndilibe chilichonse!

ANGANGA: Koma malo ali nawo. Lowani bambo, ndi pamenepo mwaonapo. Mungosamala mafuwa, sali m'malo mwake.