Kusinthana kwanji kumene wina anapereka chimanga n'kulandira nthomba?

Pali mawu amodzi amene amandiwawa ndikamawerenga zimene zinachitika Christopher Columbus atafika ku America mu 1492. Akatswiri a mbiri yakale amati kunali "kusinthana" mbewu, ziweto ndi matenda pakati pa makontinenti, ndipo amene anatchukitsa dzinali ndi Alfred Crosby mu 1972. Ine ndikamva zosinthana ndimaona anthu awiri amene amvana, aliyense n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Apa sizinatero ayi.

Taonani zimene eni nthaka a ku America anapatsa dziko lonse: chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, tomato, tsabola, koko, fodya. Mbewuzi sanachite kutola kutchire. Chimanga chinachokera ku udzu wotchedwa teosinte, wa njere zochepa zolimba ngati timiyala. Alimi a kum'mwera kwa Mexico anayamba kuusankha zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, agogo kusiyira zidzukulu, mpaka kunatuluka chimanga chodzaza maso chimene lero chikudyetsa anthu mamiliyoni. Ndi angati amene amawakumbukira alimi amenewa?

Nanga iwo analandira chiyani? Pa ulendo wachiwiri mu 1493, Columbus anakatsitsa mahatchi, ng'ombe, nkhumba ndi nzimbe pa chilumba cha Hispaniola. Ziwetozi zinathandiza ena, sindikukana. Koma zombo zotsatira zinadza ndi nthomba ndi chikuku. Ku Europe, Asia ndi Africa matendawa anali akalekale, anthu ambiri ankadwala ali ana, opulumukawo osadwalanso. Ku America kunalibe ndi mmodzi yemwe amene thupi lake linakumanapo nawo. Tangoganizani mudzi wonse kugona sabata imodzi, wotunga madzi palibe, wopita kumunda palibe, wokumba manda palibe. Nthomba inalowa mu Tenochtitlan, likulu la ufumu wa Aaziteki ku Mexico, mu 1520 n'kupha mfumu Cuitláhuac, ndipo chaka chotsatira Hernán Cortés, mtsogoleri wa asilikali a ku Spain, analanda mzinda wa anthu olefuka ndi maliro.

Chimene ndimakana kwambiri ndi kukankhira mlandu wonse kwa tizilombo, ngati zinali tsoka chabe. Munthu wodwala amachira akapuma ndi kudya. Koma eni nthakawa analandidwa minda, n'kumakakamizidwa ntchito ya kalavulagaga m'migodi ya siliva monga wa ku Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia. Tizilombo tinabwera mosadziwa, inde, koma chikwapu azungu anachinyamula dala.

Anthu atatha, minda ya nzimbe inkafunabe manja, ndipo maso anatembenukira ku Africa. Anthu oposa 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo kuwoloka Atlantic ngati akapolo, ndipo pafupifupi 2 miliyoni anafera pamadzi. Mabuku ena amaika zimenezi m'mutu wina, kutali ndi nkhani ya mbewu, pomwe ndi chingwe chimodzi. Kufa kwa eni nthaka ndi kukoma kwa shuga ndi zomwe zinakokera zombo ku magombe a Africa.

Ndipo mfundo imene imandisowetsa tulo ndi iyi. Chimanga chitafika ku West Africa chinabereka bwino, chinalinso chosavuta kusunga chikauma. Oyendetsa zombo ankachigula m'madoko a ku Gold Coast, kumene lero ndi Ghana, kuti akadyetse anthu omangidwa maunyolo aja pa ulendo wopita ku dziko limene mbewuyo inachokera.