Thandizo lakunja: Maputo ankavomera msanga, Lilongwe ankayamba wakangana

M'chaka cha 1992 mayiko othandiza anachita zinthu ziwiri zosiyana kumayiko awiri, Malawi ndi Mozambique, amene m'madera a Dedza ndi Ntcheu amangolekanitsidwa ndi msewu. Mu Meyi, pamsonkhano wa ku Paris, anaimitsa thandizo la chitukuko ku Malawi mpaka Kamuzu atasintha kalamulidwe kake. Kalata ya maepiskopi inali itawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi, ndipo Chakufwa Chihana anali m'ndende. Mu Okutobala, pulezidenti wa Mozambique Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa zigawenga za Renamo Afonso Dhlakama anasainirana za mtendere ku Rome, ndalama n'kuyamba kukhamukira ku Maputo. Amene anamanidwa ndi uja anali bwenzi la azungu kuyambira pa ufulu, amene anapatsidwa ndi aja dzulodzuloli ankatamanda Marx ndi Lenin.

Chikomyunizimu cha Frelimo, chipani cholamula ku Mozambique, sichinali chapakamwa chabe. Atalandira ufulu mu 1975, Samora Machel anaika malo, sukulu ndi zipatala m'manja mwa boma, ndipo mu 1977 chipanicho chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Anthu anasonkhanitsidwa m'midzi yaboma, minda ikuluikulu inakhala yaboma, kuphatikizapo ya ku Angónia, kwa abale athu olima kachewere. Achinyamata zikwizikwi anatumizidwa kukagwira ntchito m'mafakitale a ku East Germany. Ena mwa iwo, otchedwa Madgermanes, akhala akuguba mu Maputo kwa zaka zambiri kufuna malipiro awo amene anatsakamira kuboma. Koma Mozambique atapempha kulowa m'bungwe la zachuma la mayiko achikomyunizimu, Comecon, anamukana. Nkhondo ya Renamo ili mkati, chilala chili apo, Samora yemweyo analowetsa dzikolo ku IMF ndi World Bank mu 1984. Mu 1987 inayamba ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa PRE, ndipo mu 1989 chipani chinasiya Marx mwakachetechete.

Ukaipa dziwa nyimbo. Frelimo anaiphunzira msanga nyimbo ya othandiza, n'kumaiimba bwino kuposa eni ake. Atauzidwa kuti agulitse makampani aboma anagulitsa mazanamazana, akuluakulu kwa azungu, ang'onoang'ono ambiri kwa anthu achipani ndi akuluakulu a asilikali. Chipani chomwe chija chinapambana chisankho cha 1994 ndipo chikulamulirabe. Kwathu kusintha kunachotsa Kamuzu ndi MCP pampando. Kwa anzathu kunangosintha chilankhulo cha nduna.

Kuvomera msanga kuli ndi mtengo wake, ndipo amene anaulipira koyamba ndi ogwira ntchito m'mafakitale a mtedza wa mbibu, umene kumeneko amati caju. Dzikolo linali ndi mafakitale osenda mtedzawu, otetezedwa ndi lamulo loletsa kapena kudulitsa kutumiza kunja mtedza wosasenda. Mu 1995 World Bank inaumirira kuti chitetezocho chichoke, ati mlimi apeze mtengo wabwino kwa ogula a ku India. Boma linagonja. Mafakitale anatsekedwa limodzi ndi limodzi, anthu pafupifupi 10,000 anakhala pakhomo, ndipo zimene mlimi anawonjezerapo zinali zochepa kwambiri. Chopweteka n'choti ena mwa mafakitalewo anali atangogulidwa kumene kuboma, potsata malangizo a banki yomweyo.

Nkhani ya mabanki ndiyo imandiwawa. Mabanki awiri aboma, BCM ndi lina limene linadzatchedwa Banco Austral, anagulitsidwa mothamanga chifukwa othandiza anaika tsiku. Ndalama zinabwerekedwa kwa anthu odziwika osabweza, zina zinangosowa. Mtolankhani Carlos Cardoso, amene ankafufuza za madola 14 miliyoni obedwa ku BCM, anawomberedwa mu Novembala 2000. António Siba-Siba Macuácua, amene banki yaikulu inamutuma kukakonza Banco Austral, anaphedwa mu Ogasiti 2001 pamalikulu a bankiyo. Patangopita miyezi yochepa othandiza anakumana n'kulonjeza ndalama zoposa zimene boma linapempha. Chuma chinkakwera pamapepala, fakitale ya Mozal inali itayamba kusungunula aluminiyamu, ndipo palibe ankafuna kuipitsa mbiri ya mwana wake womvera. M'zaka zimenezo pafupifupi theka la bajeti ya Mozambique linkachokera kunja.

Malawi sanakhalepo wachikomyunizimu ngakhale tsiku limodzi. Kamuzu anagwirizana ndi South Africa ya tsankho mu 1967, ndalama zawo zinathandiza kumanga Lilongwe, ndipo tinali ndi Taiwan pamene anzathu anali ndi Beijing. Komabe mankhwala amene tinamwetsedwa kuyambira 1981 ndi omwewo: chepetsani boma, tsekani misika ya ADMARC yosapindula, chotsani zotsitsa mitengo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timavomera lero, mawa takangana. Chimanga cha m'nkhokwe zaboma chitagulitsidwa njala ya 2002 isanafike, boma linaloza IMF, IMF inati inangolangiza kuchepetsako osati kusesa zonse. Mu 2011 Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, thandizo la kubajeti linaima, ndipo tonse tikukumbukira mizere ya zigubu pamalo omwetsera mafuta. Zambia anayesapo zotere kale: Kaunda anathetsa ubale ndi IMF mu Meyi 1987, koma sipanapite zaka zambiri anabwerera.

Ine ndimayeza mayiko awiriwa ndi chimene lililonse linakana kusiya. Bingu mu 2005 anakakamira makuponi a feteleza othandiza ambiri akukayika, ndipo kwa zaka zingapo chimanga chinachulukadi. Koma makuponi amafuna ndalama zakunja chaka ndi chaka, ndipo asanduka chinthu chimene wandale aliyense amaopa kukhudza ngakhale bajeti ikulira. Frelimo anakakamira nthaka. Lamulo la malo la 1997 linasunga mfundo yakale yoti malo ndi aboma, sagulitsidwa, ndipo linavomereza kuti mudzi umene wakhala ukulima malo mwachikhalidwe uli ndi ufulu ngakhale ulibe chikalata. Umboni wapakamwa wa anthu am'mudzi umakwana. Pamenepa ndimawapatsa ulemu anzathu. Alimi a kumpoto anatsamira lamuloli polimbana ndi ProSavana, ntchito yaulimi wa minda ikuluikulu yothandizidwa ndi Japan ndi Brazil, mpaka inathetsedwa mu 2020. Ngakhale zili choncho, malo akakhala aboma ndiye kuti boma lingathenso kuwapereka. Afunseni anthu a ku Moatize amene anasamutsidwira ku Cateme kuti kampani ya Vale ikumbe malasha, aja anatseka njanji mu Januwale 2012.

Pakuba ndiye tinafanana, kungosiyana msinkhu. Cashgate inaphulika mu Seputembala 2013 mkulu woyang'anira bajeti, Paul Mphwiyo, atawomberedwa, ndipo othandiza, amene ankadzaza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yathu, anaimitsa ndalama zodzera ku Capital Hill. Nthawi yomweyo ku Maputo makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, ankabwereka madola pafupifupi 2 biliyoni kudzera kumabanki a Credit Suisse ndi VTB, boma litaikapo chikole nyumba ya malamulo isakudziwa. Zonse zitaululika mu 2016 IMF ndi othandiza anaimitsa thandizo la kubajeti, ndalama yawo ya metical inagwa, ndipo mitengo inakwera mpaka ku Ulongwe wa ku Angónia, kumene palibe anaonapo sitima zogwirira nsomba zogulidwa ndi ngongoleyo. Mwana wa pulezidenti wakale, Ndambi Guebuza, anagamulidwa zaka 12 mu 2022, ndipo nduna yakale ya zachuma, Manuel Chang, inapezeka yolakwa kukhothi la ku New York mu 2024.

IMF inabwerera ku Mozambique mu 2022, gasi wa ku Cabo Delgado ali pafupi kuyamba kutumizidwa kunja. Ife, amene timadalira fodya, tinadikira mpaka Novembala 2023, ndipo tisanapatsidwe ngongoleyo kwacha inayamba yagwetsedwa ndi 44 peresenti.