GIL mu Python sinachoke kwa aliyense

N'zoona kuti Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ikufuna kuchotsa GIL (Global Interpreter Lock), loko yomwe imalola thread imodzi yokha, kapena kuti mzere umodzi wa ntchito mu pulogalamu, kuyendetsa malangizo a Python (bytecode) pa nthawi imodzi. Koma kunena kuti yachoka kale n'kupupuluma. PEP 703, chikalata cha Sam Gross chopereka njira yochotsera GIL, inalowa mu Python 3.13 mu Okutobala 2024 ngati yongoyesera, ndipo PEP 779 yachititsa kuti mu 3.14 ikhale yovomerezeka, komabe Python yopanda GIL ndi build yapadera, mtundu womangidwa paokha wotchedwa python3.14t. Amene mwaika Python wamba, GIL ikadalipo.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi apa. Mu build imeneyi, mukachita import extension ya C (gawo lowonjezera lolembedwa m'chilankhulo cha C) yomwe sinalengeze kudzera mu Py_mod_gil kuti imagwira popanda GIL, interpreter, pulogalamu yoyendetsa Python, imayatsanso GIL yokha, n'kungotulutsa chenjezo. Ma thread anu onse amayamba kudikirirana, inu n'kumadabwa kuti liwiro lapita kuti. Kuti mudziwe ngati GIL yayaka, funsani sys._is_gil_enabled() mukamaliza ma import onse, osati musanayambe. Mutha kukakamiza kuti GIL ikhale yozimitsa ndi PYTHON_GIL=0, koma ngati extension imasunga zinthu mu global variable popanda loko, ma thread awiri adzalembamo nthawi imodzi ndipo pulogalamu izidzagwa mwa apo ndi apo, kovuta kulondola.

Vuto lina ndi la ABI, momwe extension yomangidwa kale imalumikizirana ndi interpreter. Wheel (package yomangidwa kale) ya abi3, yomwe imagwira pa ma version ambiri a Python, sigwira pa build imeneyi chifukwa mutu wa PyObject, maziko a object iliyonse ya Python, wasintha: reference count, nambala yowerenga malo amene akulozera object, yagawidwa pawiri. Choncho osamalira ma package monga NumPy akumanga ma wheel awiri, cp314 ndi cp314t. Kwa ine, kuika build iyi kukhala ya aliyense kudikire kaye mpaka ntchito yapawiriyi ichepe, ngakhale kuchedwa kwa pulogalamu ya thread imodzi pa build iyi, poyerekeza ndi Python wamba, kwatsika kufika pa 5 mpaka 10 peresenti.