Pa enum mu Java, ine ndimalemba ==

Anzanga olemba mapulogalamu mu Java, nkhani iyi yandikhala pamtima. Sabata yatha ndinkayang'ana khodi ya mnyamata wina amene akuphunzira ntchito kwathu kuno. Paliponse pofananitsa enum (mtundu wokhala ndi mndandanda wokhazikika wa ma constant) analemba equals m'malo mwa ==. Nditamufunsa chifukwa, anati anamuphunzitsa kuti == ndi yoopsa.

Pa String (mtundu wosungira mawu), ndi zoona, chifukwa == imayang'ana ngati zofananitsidwazo zili chinthu chimodzi chomwecho. Mawu awiri olembedwa mofanana akhoza kukhala zinthu ziwiri zosiyana mu memory, == n'kukuyankhani false. Koma enum si String. Kuchokera mu 2004 pamene Java 5 inabweretsa enum, constant iliyonse imapangidwa kamodzi kokha. Mwachitsanzo, ngati muli ndi enum yotchedwa Malipiro, constant yake Malipiro.ALIPIRA ndi yomweyomweyo paliponse mu pulogalamu yanu. Simungapange ina ndi new, clone imakana, ndipo ngakhale serialization (kusunga chinthu ngati ma byte n'kudzachiwerenganso) imakubwezerani yomwe ija. Tsegulani class ya Enum muone nokha: equals yake ndi final, ndipo mkati mwake imangochita this == other.

Wina anganene kuti ndiye palibe kusiyana. Kulipo.

Ngati variable yanu ili null (yosaloza chinthu chilichonse), kuitana equals pa iyo kumagwetsa pulogalamu ndi NullPointerException, pamene == imangoti false n'kupitirira. Apa ndikuvomera kuti nthawi zina kugwako kumathandiza kuulula vuto msanga, choncho sindilimbikirapo kwambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: equals imalandira Object ya mtundu uliwonse. Mukafananitsa Malipiro ndi enum ina, tinene Katundu, kapena ndi mawu wamba, compiler (pulogalamu yoyang'ana ndi kumasulira khodi isanayambe kuyenda) siidandaula. Khodi imayenda bwinobwino, koma yankho lake ndi false lero, mawa, mpaka kalekale. Munthu walipira, koma sikirini ikumuonetsa kuti ali ndi ngongole, ndipo palibe error yokulozerani pamene palakwika. Mumatha tsiku lonse mukusakasaka, kasitomala akuimba foni mokwiya. Mukalemba == pa mitundu iwiri yosagwirizana, compiler imakana pomwepo pulogalamu isanayambe n'komwe. Chitetezo chaulere chotere n'kuchitaya chifukwa cha lamulo limene linapangidwira String, ine zimandipweteka.

Mnyamata uja ndinamupempha kuti asinthe ma equals onse a enum akhale ==. Mizere yambiri inadutsa. Umodzi unakanidwa: ankafananitsa Malipiro ndi mawu oti "ALIPIRA" ochokera pa fomu, ndipo mzere umenewo unali usanayankhepo true chiulembereni.