Chopusa ndi chiti apa?

Dzulo ndinapsa mtima pa gulu lathu la pachibale la WhatsApp. Mlamu wanga wa ku Nacala anatumiza kavidiyo ka zamoyo zina za m'nyanja yamchere, zooneka ngati chinangwa chovunda chili gone pamchenga. Kumeneko amati magajojo, pa Chingerezi sea cucumber. Msuweni wanga uja wodziwa zonse uja sanachedwe: "Zinthu zopusa izi, bola kanyimbi amadziwa kudziteteza." Anthu n'kumaseka.

Kanyimbi? Ndimamudziwa bwino ine. Wakuda, mizere yoyera mbee kumsana, kuyenda monyang'wa usiku akusaka mbewa. Galu akamupanikiza amaimika mchira, n'kutulutsa fungo loti galuyo amabwerera akudzikhuta mphuno m'fumbi. Basi, nzeru zake zathera pomwepo. Kununkha.

Nanga magajojo? Mdani akawavuta amakhuthula matumbo awo panja, mdaniyo n'kutanganidwa nawo, pakapita milungu ingapo matumbo ena amera. Mitundu ina imaponya timaulusi toyera tomata ngati ulimbo, nkhanu n'kukodwa. Ubongo alibe, maso alibe, kupuma amapumira kumatako. Tsiku lonse ali pantchito yomeza mchenga, kugaya zovunda zili mmenemo, n'kubweza mchenga woyera. Ndiye mukuti zopusa? Inuyo msuweni, tayani matumbo anu lero tione ngati amera ena. Chinthu chikakhala chosaoneka bwino, chosathamanga, chosaluma, kwa inu ndiye kuti n'chopanda nzeru. Mwakopeka ndi mizere ya kanyimbi basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina vuto n'loti kwathu kuno nyanja yamchere timangoionera pafoni, kaya. Koma kusadziwa chinthu si chifukwa chochinyozera. Simunachigwirepo, simunachionepo ndi maso, koma chigamulo mwapereka kale.

Ndipo ngati mukufuna zopusa zenizeni, funsani anthu amene akutola magajojowo osasiyako ndi mbewu yomwe. Amawaphika, kuwathira mchere, kuwayanika, ulendo wa ku Hong Kong, kumene amagulidwa modula. Mtundu wotchedwa Holothuria scabra unalowa m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo chotheratu mu 2013. Ku Tanzania, kupatula ku zilumba za Zanzibar, analetsa kuwagwira mu 2006 ataona kuti akutha. Matumbo amameranso, inde, koma si mumphika. Msuweni atawerenga izi anangotumiza kankhope koseka. Gululo ndalitseka pakamwa kwa sabata yathunthu.